Nyimbo ya Haydn imene inasowa kwa zaka pafupifupi 200

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa kwaya kutchalitchi china ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Posachedwapa ndinamvetsera pa YouTube nyimbo ya cello ya Joseph Haydn, ndipo pansi pake analembapo kuti inapezeka mu 1961, chonsecho mwiniwakeyo anamwalira mu 1809. Kodi nyimbo imasowa bwanji, popeza kwathu kuno ikangoimbidwa paukwati kapena pamaliro imakhala m'mitu mwa anthu mpaka zidzukulu?

YANKHO: Aphunzitsi, imene munamvayo ndi concerto ya cello ya mu C major. Cello ndi chida cha zingwe zinayi chimene woimba amachiimika pansi pakati pa mawondo n'kumachikwecha ndi uta, monga momwe amachitira woimba kaligo, kungoti mawu ake ndi okuya. Concerto ndi nyimbo imene chida chimodzi chimatsogolera pamene gulu lonse likuvomera.

Haydn analowa ntchito kubanja lachifumu la Esterházy mu 1761, ndipo nyimboyi anaipeka pakati pa chaka chimenecho ndi 1765, kupekera Joseph Weigl, katswiri wa cello m'gulu la oimba la pabwalopo. Apa ndi pamene pagona yankho lanu. Nyimbo za pabwalo la mfumu sizinkapita kwa osindikiza mabuku, koma mlembi ankakopera pamanja gawo la chida chilichonse, oimba n'kuziimba pamaso pa bwana ndi alendo ake, kenaka mapepalawo n'kuwaika m'kabati. Nyimbo ya zigawo zitatu yotenga mphindi zoposa 20, imene vayolini ali ndi mzere wake, malipenga alinso ndi wawo, palibe munthu mmodzi amene angaisunge yonse pamtima. Mapepala akasokonekera, nayonso yapita.

Chimene chinatsala ndi kachidutswa ka poyambira, kamene Haydn anakalemba m'kaundula wa nyimbo zake. Akatswiri ankadziwa kuti nyimboyo inalipo, koma osaiona. Mu 1961 Oldřich Pulkert, pofufuza mapepala akale ochokera kunyumba yachifumu ya Radenín amene ankasungidwa ku National Museum mumzinda wa Prague, anapeza magawo okopera pamanja amene poyambira pake panafanana ndendende ndi kachidutswa ka m'kaundula muja. Mu Meyi 1962 Miloš Sádlo anaiimba pagulu ku Prague komweko, Charles Mackerras akutsogolera oimba, ndipo apa m'pamene inayamba kusindikizidwa ndi kujambulidwa.

Musaganize kuti kusindikiza kukanathetsa mavuto onse. Concerto yachiwiri ya Haydn, ya mu D major, ya 1783, inasindikizidwa ndi kampani ya Johann André ku Offenbach Haydn akadali moyo, komabe mu 1837 buku lina lofotokoza za nyimbo linanena kuti anaipeka ndi Anton Kraft, woimba cello wa ku Esterházy konko. Mphekesera imeneyi inayenda zaka zoposa 100, mpaka m'zaka za m'ma 1950 pamene pepala lolemba Haydn ndi dzanja lake linatulukira ku Vienna.

Ife tikuona kuti gawo lachitatu la nyimbo ya mu C major ndi limene muyenera kulimvetseranso mofatsa. Cello imalowa ndi liwu limodzi lalitali pamene mavayolini akuthamanga pansi pake, kenaka mwadzidzidzi nayo imayamba liwiro n'kuwapitirira onse.