Funsani Anamwino: Kodi mlimi woonda angafe ndi mtima?

Anamwino, achimwene anga amwalira mwezi watha ali ndi zaka 54. Anali oonda, mlimi wa kachewere wosadziwa ulesi. Akukweza matumba m'lole anadandaula kuti pachifuwa pakulemera ngati pakhala munthu, thukuta lili kamukamu chonsecho kunkazizira. Tinati ndi chilungulira, n'kuwasungunulira soda m'madzi. Kunja kusanache anatisiya. Adokotala titawafotokozera anati ndi mtima, koma kumudzi akuti anawamenya hamala. Kodi mtima sugwira mabwana onenepa okha?
Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

Pepani kwambiri, mayi. Ndiyambe ndi hamalayo, poti ndi imene imathetsa chibale pamaliro. Zimene mwafotokozazi ndazionapo kambirimbiri, ndipo sipafunika dzanja la munthu.

Mtima ndi mnofu, ndipo uli ndi timitsempha take touthirira magazi. Zaka zikamapita, mafuta amamatirira m'kati mwa timitsempha timeneti monga mmene matope amadzazira ngalande ya kudimba. Tsiku lina pomatapo pamang'ambika, magazi n'kuundana, njira n'kutsekeka. Mbali ya mtima imene yasowa magazi imayamba kufa, ndipo pakatha maola ochepa sibwereranso.

Kuonda sikuteteza. Ndikugwira ntchito ku Dedza ndinkayeza alimi a ku Bembeke ndi ku Lobi, anthu ouma ngati nsungwi, n'kupeza BP ili 180/110 mwiniwake akuseka, osamva kalikonse. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, yakwera. Nthenda ya shuga nayo imawononga mitsempha mwakachetechete. Ndiye pali fodya. Chingambwe chopichira pamudzi sichisiyana kuipa ndi ndudu ya m'sitolo. Mchere nawo timaulemekeza dala kuno, chonsecho wochuluka umakweza BP. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera wa m'ndiwo, wa m'nsomba zouma ndi uja timawaza pa tchipisi pachiwaya ku Lizulu.

Za sodayo musadziimbe mlandu, ambiri amasokoneza ziwirizi. Chilungulira chimawotcha, makamaka munthu akadya n'kugona. Mtima umafinya kapena kulemera, ululu n'kumayenderera kumkono, kunsagwada kapena kumsana, limodzi ndi thukuta lozizira ndi phuma. Amayi ndi odwala shuga nthawi zina pachifuwa samva kupweteka kwenikweni, amangofooka, kuchita nseru ndi kubanika. Zoterezi zikatenga mphindi 15, musadikire kuti kuche. Mkhazikeni pansi wodwalayo, asayende yekha, ndipo funani galimoto ngakhale msewu wa ku Tsangano uli momwe ulilimo. Ngati ali maso, alibe zilonda za m'mimba ndipo aspirin samuwenga, atafune wa mamiligalamu 300. Kuchipatala cha boma nenani mosazungulira kuti mukukayikira mtima, amuyeze ndi makina oona kagundidwe ka mtima otchedwa ECG.

Tsopano za inu, mayi. Mchimwene akadwala mtima asanakwane zaka 55, abale ake a bere limodzi amakhala pa chiopsezo chokulirapo. Pitani ndi ang'ono anu mukayezetse BP ndi shuga mwezi uno. Mukapatsidwa mapiritsi, musadzawasiye poti mwayamba kumva bwino, kapena kuwasinthanitsa ndi adyo ndi chammwamba; BP imatsika chifukwa cha mapiritsiwo, ndipo mukawaleka imakweranso.