Mdzukulu wanga, ankhoswe a mtsikanayo ndani?

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndauwerenga. Ukuti mtima wako wagwera mtsikana wosamva, telala wa ku Limbe, amene anaphunzira kusukulu ya ana osamva ya Mountain View ku Bvumbwe kuja. Mumacheza pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku. Anzako akukuseka, amayi ako akuti mudzabereka ana osamva, ndiye ukufunsa ngati upitirize kapena umusiye zisanafike patali.

Za kupitiriza kapena kusiya, mwini mtima ndiwe. Za amayi ako ndinene pang'ono. Mwa ana 10 alionse osamva, 9 amabadwa kwa makolo akumva bwinobwino. Ambiri amene ine ndakhala nawo anabadwa akumva, makutu anachita kutseka ndi malungo aakulu, chikuku, matenda oumitsa khosi, kapena mafinya a m'khutu amene sanathandizidwe msanga. Zoterezo sizipita kwa mwana. Kusamva kwa kumtundu kuliko ndithu, koma mwana wotere akabadwa ndi mwana basi, adzayamwa, adzakula, ndipo sukulu ziliko, ku Mua, ku Maryview, ku Embangweni. Amayi akowo usawakalipire, mantha awo ndi a kholo. Anzako okusekawo aleke, tsiku la mavuto sudzawaona.

Chandisowetsa tulo ine ndi china. Uthenga wonse uja, wautali chonchija, sunatchulemo malume ake a mtsikanayo. Sunanene ngati kwawo akukudziwa. Ankhoswe ake adzakhala ndani, ndipo munthu ameneyo amalankhula naye bwanji mwanayo? Funso lake linali limeneli.

Kwathu ku Dedza, ine ndili mnyamata, m'mudzi mwathu munali mayi wina wosamva chibadwire. Sukulu sanapondeko. Anali ndi manja akeake olankhulira, ndipo amene ankawadziwa bwino anali mlongo wake wamng'ono, chifukwa anakulira limodzi, kudimba limodzi, kunkhuni limodzi. Atabwera mwamuna kudzafunsira, eni mbumba anakhala pansi. Achikulire oyenera unkhoswe analipo, koma anatenga mnyamata uja, ndevu zisanamere n'komwe, namuika kukhala nkhoswe wamng'ono pambali pa malume. Chifukwa chake chinali chimodzi: mkazi akakhala ndi dandaulo, akalipereke yekha kwa munthu wakwawo.

Tsiku lofunsa mwini wake anasankha masana, dzuwa lili phwee, pansi pa mtengo wa mango. Mlongo uja anakhala moyang'anana naye, naloza mwamunayo, nalumikiza zala ziwiri, natukula nsidze. Mayiyo anamuyang'anitsitsa mwamunayo nthawi yaitali, osafulumira. Kenako anagwada, natola ndalama inali m'mbale, naipereka m'manja mwa malume ake. Nthungululu zinalira. Palibe amene anamuyankhira.

Patapita zaka, mkamwini uja anatapa chimanga m'nkhokwe n'kukagulitsa mobisa. Mayiyo analawirira kwa mlongo wake, ankhoswe a mbali zonse anaitanidwa. Ndimakumbukabe mmene anafotokozera. Anaika dzanja pachifuwa kusonyeza pamene chimanga chinalekezera pokolola, nalitsitsa pang'onopang'ono mpaka m'mawondo, naloza ana ake atatu, nagwira pamimba. Mkamwini anayamba kuti afotokoze zimene mkazi wake akutanthauza, koma malume anamudula pakamwa: akamwini khalani chete, mwini wake ali pompano. Mlandu unamugwera mwamunayo, anapepesa ndi nkhuku, ndipo banja lija linakhala mpaka imfa.

Ndili wamkulu kale, ndikukhala m'tauni, ndinaitanidwa kukathandiza pa nkhani ina ya banja. Mkazi wosamva, mwamuna wakumva. Kuchikazi kunabwera ankhoswe ovala bwino, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kulankhula ndi mwana wawoyo. Womasulira anali mwamuna yemweyo amene ankadandauliridwa. Mtsikanayo analankhula ndi manja nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu, akuloza kukhomo, akuloza pamsana pake. Atamaliza, mwamuna anatembenukira kwa ife n'kuti: akuti wapepesa. Manja onse aja, mawu awiri okha. Ndinaimitsa nkhaniyo mpaka tsiku limene tinapeza womasulira wapadera kudzera kumpingo, ndipo zimene tinamva tsiku limenelo sizoti ndilembe pano.

Sindikunena kuti iwe udzatero. Ndikukudziwa, unaleredwa bwino. Koma ngakhale mwamuna wabwino, tsiku limene walakwa sangakhale pakamwa pa mkazi wake. Adzafewetsa apa, adzadumpha apo, mwina osadziwa n'komwe kuti akutero.

Inu a lero mumakonda kunena kuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mwambiwo ndi woona, koma unkanena za amiseche ndi zibwenzi zamseri, sunkanena za ankhoswe. Unkhoswe mwausandutsa phwando. Holo, DJ, makeke, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Nkhoswe mumatola mnzanu wa kuntchito chifukwa ali ndi galimoto, ena ndimamva kuti amachita kulemba ganyu munthu woti aime tsiku limenelo. Asinthana tambala ndi msoti, ajambulitsa, adya nkhuku, kenako osaonekanso. Ambiri a iwo ngakhale khomo la banjalo salidziwa. Kwa ana akumva zimenezi zikuwononga kale mabanja, nanji kwa mwana amene sangangoimba foni kwa azakhali ake n'kulira.

Kale nkhoswe ankadutsa pakhomo popanda kuitanidwa. Amakhala pakhonde, kumwa thobwa, kuyang'ana ngati denga lafoleredwa, ngati ana anenepa, ngati nkhope ya mwana wawo ikuwala. Matenda akagwa, woyamba kuuzidwa anali iye. Ntchito imeneyi imafuna munthu amene mkaziyo angamuuze zakukhosi inu amuna mulibe.

Tsono chita izi. Mufunse mtsikanayo kuti kwawo ndani amene amalankhula naye momasuka. Usadabwe akakuuza kuti palibe. Ana ambiri osamva amakulira kusukulu zogonera komweko, chinenero chamanja amachiphunzira kwa anzawo, ndipo akabwera kumudzi patchuthi amangolozeredwa mtsuko ndi tsache. Ngati zili choncho, mwa abale ake papezeke mmodzi woti ayambe kuphunzira tsopano, chinkhoswe chisanakambidwe. Kwanunso chimodzimodzi, mlongo wako kapena msuweni wako wamkazi aphunzire, kuti mkazi wako akadzabwera pamaliro kapena paukwati wa kwanu asadzakhale yekha kuseri kwa nyumba akutsuka mbale anzake akuseka nkhani.

Iwenso foniyo isakunamize. Kulemberana n'kwabwino, koma kwa ambiri osamva Chichewa ndi Chingerezi cholemba ndi zinenero zachiwiri, za mumtima zimatuluka ndi manja ndi nkhope. Kuwerenga milomo nakonso kumatopetsa, ndipo mawu ambiri amamudutsa. Iye wakhala akuvutikira chinenero chako moyo wake wonse, tsopano vutikira chake. Bungwe la anthu osamva la MANAD lilipo, ndipo mu 2021 linatulutsa dikishonale yoyamba ya chinenero chamanja cha ku Malawi. Ife zimenezi tinalibe. Pita kumene iye amasonkhana ndi anzake osamva, ukakhale pakati pawo manja akuuluka iwe osatolapo kanthu, ukalawe zimene iye amalawa tsiku lililonse pakati pa ife. Akakuzolowera adzakupatsa dzina lamanja, ndipo ulilandire ndi ulemu.

Pali mwambo umodzi umene ine, wokonda miyambo, ndikuti upindike. Timaphunzitsa mtsikana kuweramitsa mutu pamaso pa apongozi ndi pa malangizo. Mwana wosamva akaweramitsa mutu ndiye kuti mwamutsekera kunja, palibe chimene atolepo. Uwauziretu amayi ako kuti akadzaona mtsikanayo akuwayang'ana m'maso ndi pakamwa, si mwano, akumvetsera. Alangizi nawonso auzidwe kuti malangizo ake achitikire poyera, pali kuwala, pali womasulira wamkazi amene mwini wake wamuvomera. Omasulira m'dziko muno ndi ochepa, choncho ayambe kufunidwa msanga, osati sabata ya chinkhoswe. Ndipo pomuitana musamamugende ndi kamwala kapena kumukoka chovala. Kumugwira paphewa pang'ono, kapena kukweza dzanja pamene akuona, n'kokwanira.

M'nyumba mwanu mudzasowa chinthu chimene mabanja ena sachiganizira. Ife nkhani zolemera tinkakamba usiku nyali itazima. Inu magetsi akathima, kukambirana kwathima. Kandulo kapena tochi isadzasowe kumutu kwa bedi, ndipo ukadzakwiya usadzamufulatire kapena kuzimitsa nyali iye ali pakati pofotokoza. Kumeneko n'kumutseka pakamwa, ndipo kumapweteka kuposa kutukwana.

Malamulo a dziko lino amati munthu asakakamizidwe kulowa m'banja. Alipo makolo amene amapereka mwana wosamva kwa aliyense wabwera, ati wachita mwayi. Iwe usalole kulandira mkazi motero. Ukadzatuma malume ako kwawo, uwapemphe kuti mtsikanayo afunsidwe yekha, m'chinenero chake, iwe uli panja. Ukabwera kumapeto kwa mwezi udzandiuze dzina la mwini mbumba wa kwawoko ndi mudzi wake, kuti ine ndi malume ako tidziwe koyambira.