Filimu ya mavuto a ku Ireland: ndiyambe ndi kampani kapena kamera?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akukhala ku Limerick, mzinda wa kuno ku Ireland, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Mwachidule akuti anakhalapo zaka zingapo mu Direct Provision, dongosolo la boma la Ireland losungira opempha chitetezo m'ma senta podikira yankho la pempho lawo, pano mapepala anatuluka, akugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ali ndi kamera yomwe pa wikendi amajambulira maukwati ndi ma pate a anthu akwathu. Chomwe chikuwasowetsa tulo ndi kufuna kujambula filimu ya zochitika zenizeni, ya amayi amene akulera ana m'chipinda chimodzi m'ma senta muja. Afunsa zitatu: kodi ayambe ndi kutsegula kampani, ndalama za mafilimu kuno zimachokera kuti, komanso ngati munthu wobwera angayankhulepo pa mavuto a dziko la eni ake.

Achemwali, ndiyambira funso lomalizalo chifukwa ndi lomwe landikhudza kwambiri. Inde mungathe, ndipo musachite mantha. Ireland ndi dziko limene kamera inasinthapo zinthu zikuluzikulu. Mu 1999 mtolankhani Mary Raftery anatulutsa pa RTÉ, TV ya dziko lino, pologalamu yotchedwa States of Fear, yonena za nkhanza zomwe ana ankakumana nazo m'ma industrial school, malo osungiramo ana osauka ndi amasiye omwe ankayendetsedwa ndi a mpingo ndi ndalama za boma, ndipo gawo lomaliza lisanaulutsidwe n'komwe mtsogoleri wa boma, Bertie Ahern, anapepesa pagulu m'malo mwa dziko lonse. Kafukufuku amene anayamba pamenepo ndi yemwe anadzabala Ryan Report, lipoti la nkhanza zimenezi, mu 2009. Nkhani ya ma Magdalene laundry, nyumba za masisitere zomwe ankatsekeramo amayi n'kumawachapitsa zovala, nayonso inayenda chimodzimodzi, yomaliza inatsekedwa mu 1996 ku Dublin, koma zinatengera amayi eni ake kuyankhula pa TV ndi m'mafilimu kwa zaka zambiri kuti mtsogoleri wa boma Enda Kenny adzapepese mu 2013. Ndiye anthu a kuno amadziwa ndithu kuti kutsekera anthu m'nyumba zikuluzikulu n'kuwayiwala ndi bala lawo lakale, moti mukamanena za Direct Provision simukuwauza chinthu chachilendo ayi, ambiri mwa iwo amafanizira okha zimenezi ndi zakale zija.

Direct Provision inayamba mu 2000, ankati munthu azikhalamo miyezi yochepa chabe, koma inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ena anakhalamo zaka zisanu, ena kuposa pamenepo, akulandira €19.10 pa sabata kwa nthawi yayitali, yomwe kenako inakwera kufika €38.80, osaloledwa kugwira ntchito mpaka khoti lalikulu litagamula mu 2017 ndipo lamulo n'kusintha mu 2018. Boma linalonjeza mu 2021 kuti lidzathetsa dongosololi pofika 2024, sizinatheke. Filimu ya Aisha ya 2022, yomwe anakonza Frank Berry, inakhudza nkhaniyi ndipo iye anatenga nthawi yayitali akucheza ndi anthu okhala m'ma senta asanajambule. Koma iye sanagonemo. Inu munagonamo, mukudziwa fungo la mu kholido, mukudziwa kuti mzere wa chakudya umayamba nthawi yanji, mukudziwa mmene mayi amatontholetsera mwana usiku kuti a chipinda choyandikana asadandaule. Chimenecho palibe bajeti ingagule. Komanso Mmalawi kuyankhula pa nkhaniyi si koyamba, Ellie Kisyombe anatero poyera ali mu dongosolo lomwelo, anayambitsa nawo Our Table, gulu lodziwitsa anthu za Direct Provision kudzera mu zakudya, ndipo anapikisana nawo pa chisankho cha makhansala ku Dublin mu 2019.

Tsopano za bizinesi. Maganizo anga ndi oti kampani musathamangire, koma mapepala a umwini muthamangire. Anthu ambiri amasakaniza ziwirizi.

Choyamba yang'anani sitampu yomwe ili pa khadi lanu la IRP, lija la chilolezo chokhalira m'dziko muno. Mwati mapepala anatuluka, ndiye ngati ndi Stamp 4 mukhoza kudzilemba nokha ntchito popanda vuto. Ndikunena izi chifukwa cha ena owerenga omwe ali pa Stamp 2 ya sukulu, amenewo amaloledwa kulembedwa ntchito maola 20 pa sabata koma saloledwa kuyendetsa bizinesi yawoyawo, chimodzimodzi Stamp 1G. Osaika mapepala anu pa chiswe chifukwa cha filimu.

Chachiwiri, maukwati mukujambulawo ndi bizinesi kale, kaya mumaitchula choncho kaya ayi, ndipo a Revenue, otolera msonkho, amayembekezera kumva za ndalamazo. Ngati phindu lake silikupyola €5,000 pa chaka mukhoza kungolilemba pa myAccount, tsamba la Revenue la pa intaneti, pamodzi ndi za ku ntchito kwanu, likapyola pamenepo ndiye mulembetse ngati sole trader, kutanthauza wochita bizinesi payekha, ndi PPS namba yanu yomweyo, ija ya msonkho, muzidzaza fomu ya msonkho ya Form 11 chaka chilichonse pofika pa 31 Okutobala, mukadzaza pa ROS, njira ya Revenue ya pa intaneti ya abizinesi, amawonjezerako masiku pang'ono. Apa pali chinthu chomwe chimadzidzimutsa ambiri, tsiku limenelo simulipira za chaka chatha chokha, mumalipiranso preliminary tax, msonkho wolipiriratu wa chaka chomwe muli nachocho, ndiye pa ndalama iliyonse yolowa muzipatulako gawo n'kuika pa akaunti ina yomwe simuigwira. Mukafuna kugwiritsa ntchito dzina lina osati lanu lenileni, mulembetsa ku CRO, ofesi yolembetsera makampani, ndi fomu ya RBN1, ndi €20 pa intaneti. Malisiti onse sungani zaka 6, a mafuta, a ma memory card, a hard drive, onse. Kamera ndi malenzi simuchotsera mtengo wonse chaka chimodzi, mumachotsera 12.5% pa chaka kwa zaka 8. VAT isakudetseni nkhawa pano, kwa ogulitsa ntchito zamanja ngati ife mumayenera kulembetsa zolowa zikapyola €42,500 pa chaka, malire omwe anayamba mu 2025.

Basi, poyambira ndi pomwepo. N'zotchipa, sizifuna akauntanti wodula, ndipo zimakupatsani mbiri ya manambala yomwe mudzaifune mtsogolo mukamapempha ndalama.

Nanga kampani ya LTD imabwera liti? Imabwera pamene mwayamba kulemba anthu ntchito, kusayina ma kontilakiti ndi a TV kapena opereka ndalama, kapena mukalowa mu mgwirizano ndi munthu wina. Ubwino wake ndi woti ngongole za kampani ndi za kampani, zinthu zikavuta sakubwera kudzatenga galimoto yanu, pokhapokha mutasayina chikole ndi dzina lanu kapena mutachita zachinyengo. Kutsegula si kovuta, Form A1 pa intaneti ndi €50, dayilekita mmodzi ndi wokwanira koma akakhala mmodzi sekilitale ayenera kukhala munthu wina, ndipo dayilekita mmodzi azikhala wokhala m'dera la EEA, la maiko a EU ndi ena ochepa a ku Ulaya, zomwe inu mukukwanitsa poti mumakhala kuno. Msonkho wa kampani pa malonda ndi 12.5%, anthu amakopeka ndi nambala imeneyi koma amayiwala kuti ndalama mukaitulutsa mu kampani kubwera m'thumba mwanu mulipiranso msonkho ngati wina aliyense. Chovuta chenicheni ndi kuisamalira. Annual return, fomu yomwe kampani imapereka ku CRO, yoyamba imafunika pakatha miyezi 6 chitsegulireni, kenako chaka ndi chaka limodzi ndi ma akaunti, mukachedwa chindapusa ndi €100 kuphatikiza €3 tsiku lililonse mpaka €1,200, kampaniyo kaya yapanga ndalama kaya sinapange. Ndaona anthu akutsegula kampani chifukwa chofuna dzina lokongola pa Facebook, kenako n'kumalipira akauntanti chaka chilichonse pa kampani yopanda ngakhale invoisi imodzi. Pitani kaye ku Local Enterprise Office ya kwanuko, ofesi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, ali ndi kosi ya Start Your Own Business yotchipa, komanso amakupezerani munthu wokulangizani.

Koma pano ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, umwini wa filimu suli pa kamera kapena pa setifiketi ya kampani, uli pa mapepala osonyeza kuti chilichonse chomwe chili mu filimumo muli nacho chilolezo, amati chain of title. Mnzanu akakuthandizani kujambula tsiku limodzi mwaulere, zithunzi wajambulazo mwalamulo zikhoza kukhala zake mpaka atasayina kuti wakupatsani. Edita chimodzimodzi, woimba chimodzimodzi. Nyimbo yomwe ikumveka pa wailesi kumbuyo pomwe mayi akuyankhula, nayonso ili ndi mwini wake. Ife timachita manyazi kupempha mnzathu wa ku tchalitchi kuti asayine pepala, timaona ngati tikumukayikira, koma filimu ikadzafika pa TV ya RTÉ kapena ya TG4 loya wawo adzafunsa pepala lililonse, ndipo mnzanu uja mwina adzakhala atasamukira ku Manchester, mwinanso mutakhumudwitsana. Sayinitsani tsiku lomwelo mukujambula, aliyense akusekerera.

Kwa amayi omwe mukufuna kuwajambula nkhani ndi yolemera kuposa pamenepo. Lamulo la International Protection Act 2015 limaletsa kufalitsa chilichonse chomwe chingadziwikitse munthu kuti ndi wopempha chitetezo popanda chilolezo chake, ndi mlandu ndithu. Koma ine ndikuti ngakhale atasayina, udindo wanu sunathe. Mayi amene mlandu wake udakali m'manja mwa boma akhoza kuvomera lero chifukwa amakukondani, osaganizira kuti filimu ikalowa pa intaneti idzaonedwa ndi apongozi ake kumudzi, kapena ndi anthu omwe anawathawa, kapenanso kuti zomwe wanena pa kamera zikasiyana pang'ono ndi zomwe ananena pa intavyu zikhoza kumuvuta. Muuzeni afunse kaye loya wake. Mufotokozereni m'chiyankhulo chake komwe filimuyo idzapite. Muonetseni mbali yake musanaitulutse, ndipo akati chotsani, chotsani, ngakhale pakhale pomwe pali pokoma penipeni. Ana ndiye samalani kawiri, chilolezo cha kholo n'chofunika, komanso dzifunseni ngati mwanayo akadzafika zaka 16 adzakondwe kuti anzake ku sukulu akumuona ali mu senta. Nthawi zina manja, msana kapena mawu okha amanena zambiri kuposa nkhope.

Kumbukiraninso kuti ma senta ambiri amayendetsedwa ndi makampani omwe si a boma, malowo ndi a eni, kujambula mkati popanda chilolezo kukhoza kubweretsa mavuto kwa okhalamo kuposa kwa inu. Ndipo malamulo a kuno okhudza kuipitsa mbiri ya munthu ndi okhwima, mukanena kuti manijala wakuti anachita chakuti mukhale ndi umboni ndipo mumupatse mpata woyankha. Inshulansi ya public liability, yolipira munthu wina akavulala kapena katundu wake akawonongeka chifukwa cha ntchito yanu, muifune musanayimike tripod pamalo pena paliponse podutsa anthu, makhonsolo ambiri sakupatsani chilolezo chojambula popanda iyo.

Za ndalama ndinena mosabisa. Mudzamva anthu akutchula Section 481, njira ya boma ya msonkho yomwe imabweza 32% ya ndalama zomwe filimu yawononga kuno, koma imeneyo si ya filimu yoyamba ya munthu mmodzi, imafuna bajeti yosachepera €250,000 ndi kampani yomwe yakhala kale ikugwira ntchito ndi kupereka msonkho. Zoyenera inu ndi zing'onozing'ono. Screen Ireland, nthambi ya boma ya mafilimu yomwe kale inkatchedwa Irish Film Board, ili ndi ndalama za mafilimu aafupi komanso zokonzekera filimu. Arts Council nayo imathandiza opanga mafilimu, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi arts office yomwe imapereka timathandizo tating'ono, anthu amatinyoza koma n'tomwe timalipira edita. Kulinso thumba la Sound & Vision la Coimisiún na Meán, bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV, koma kumeneko amafuna kalata ya wailesi kapena TV yolonjeza kuti idzaulutsa. Njira yomwe ndimaiona ikuyenda ndi yojambula kaye filimu ya mphindi 10 kapena 15 ndi ndalama za maukwati, mayi mmodzi, nkhani imodzi, mawu omveka bwino, chifukwa chithunzi chosaoneka bwino anthu amakhululuka koma mawu akakhala osamveka bwino amatseka filimu. Imeneyo muitumize ku zionetsero za mafilimu, ku Cork International Film Festival yomwe imachitika mu Novembala, ku Galway Film Fleadh yomwe imachitika mu Julaye, ku chionetsero cha ku Dublin kapena ku Docs Ireland ya ku Belfast, ndipo mupiteko ndithu ngakhale asanakusankheni, ma pulodyusa amapezeka komweko.

Pulodyusa wodziwika akadzaonetsa chidwi, zimenezo n'zabwino chifukwa iye ndi amene angatsegule zitseko za ndalama zikuluzikulu zija, koma apa m'pomwe anthu obwera ambiri amataya nkhani zawo. Mumapezeka kuti munabweretsa nkhani, munabweretsa anthu omwe amakukhulupirirani, kenako dzina lanu lili kumapeto pa anthu othokozedwa. Musasayine pepala lopereka ufulu wonse. Pemphani option, mgwirizano womubwereka ufulu wa filimuyo, ya nthawi yodziwika, monga chaka chimodzi kapena miyezi 18, yoti akalephera kupeza ndalama ufulu ubwerere kwa inu, zilembedwe kuti dayilekita ndi inu, komanso kuti malonjezo omwe munapanga kwa amayi aja akumanganso iwowo. Apa ndiye kampani yanu ya LTD imakhala ndi ntchito, imasayina ngati co-producer ndipo gawo la umwini limakhala mmenemo. Ola limodzi ndi loya wodziwa za mafilimu musanasayine ndi ndalama yomwe musaiwumire.

Ntchito yosamalira okalambayo musaisiye pano, maukwatinso musawasiye, mafilimu otere amatenga zaka ndipo kawirikawiri sabweza ndalama, lendi ya ku Limerick nayo sidikira. Mwezi uno lembetsani ku Revenue, tsegulani akaunti yapadera ya bizinesi, konzani fomu ya chilolezo ya tsamba limodzi m'Chingerezi chosavuta ndi m'chiyankhulo cha amene mudzawajambule, kenako yambani kuyendera amayi aja opanda kamera. Mukalemba tsamba limodzi lofotokoza filimuyo nditumizireni pa imelo yomweyi, ndiwerenga ndipo ndikuuzani maganizo anga.