Mnyamatayu asabwerere pa benchi

Achimwene, mwafunsa ngati mnyamata wa zaka 18 uja wa mu timu yathu ya mpira akuyenera kubwerera pa benchi poti dzulo anataya mipira yambiri. Ine ndikuti ayi.

Taonani malo amene amaitayira. Yambiri inali pafupi ndi golo la adani, akuyesa kudutsa otchinga kumbuyo, ndipo ntchito yake ndi imeneyo. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti mpira usanamufike amayamba watembenuza mutu kuona amene ali kumbuyo kwake, ndipo akalandidwa amauthamangira pomwepo, osaima manja m'chiuno. Khalidwe limeneli ndi lovuta kuphunzitsa osewera amene wakula kale.

Nkhawa yanga ili pa miyendo. Pofika mphindi 70 anali atatheratu, ndipo apa m'pamene zolakwa zinachuluka. Kumbukirani Pedri, osewera wachinyamata wa ku Spain. Mu 2021 anamaliza ligi ndi Barcelona, n'kupita ku Euro (mpikisano wa matimu a mayiko a ku Ulaya), kenako ku Olimpiki ku Tokyo osapuma, ndipo chaka chomwecho mnofu wa ntchafu unamugoneka miyezi ingapo. Wathuyu aziyamba ndithu, koma aphunzitsi azimutulutsa msanga, ndipo masewero a mkati mwa sabata azimupumitsako.