Akufuna mwana wanga alowe mu kafukufuku wa katemera wa chibayo, ndivomere?

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti ku sikelo amupempha kuti khanda lake lilowe mu kafukufuku wa katemera watsopano wa chibayo, koma apongozi akanitsitsa ati mdzukulu wawo sangakhale choyesera, ndiye zotenga magazi zija ndiye zawaopseratu. Akufunsa kuti poti katemera wa chibayo alipo kale, winayu ndi wachaninso?

Achemwali, apongozi anuwo musawanyoze, akulankhula chifukwa chomukonda mwanayo. Koma nkhani yake ili chonchi. Katemera amene ana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14 uja, PCV13, anayamba kuno mu 2011 ndipo wapulumutsa ana ambiri, koma kachirombo ka pneumococcus kali ndi mitundu yoposa 90 pomwe iye amateteza ku 13 yokha, ndiye mitundu yotsalayo imapitilizabe kudwalitsa ana chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Ku Blantyre a bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome (MLW) atapima mphuno za ana anapezanso kuti ngakhale obayidwa kale ambiri akusungabe mitundu yomwe katemerayo amalimbana nayo, nchifukwa chake anayamba kuyesa zosuntha jakisoni wachitatu kuti azibayidwa pa miyezi 9. Amene anaonapo mwana akubanika, nthiti zikulowa mkati popuma, akudziwa kuti ntchitoyi siinathe ayi.

Katemera watsopano samayambira pa makanda. Katemera wina wa chibayo wa ku India, Pneumosil, pomuyesa ku Gambia anayamba ndi akuluakulu, kenako ana oyenda kale, makanda pomaliza, ndipo WHO inamuvomereza mu 2019. Magaziwo amatenga pang'ono mu kabotolo kuti aone ngati thupi lapanga chitetezo, mphuno amangopukuta ndi kathonje.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse nchakuti kukana ndi ufulu wanu, mukakana mwana alandirabe katemera wa masiku onse ku sikelo komweko, ndipo mukavomera lero mutha kutuluka mawa. Musasayine kapena kudinda chala pa pepala lomwe sanakuwerengereni m'Chichewa. Afunseni ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi makomiti oona kuti kafukufuku asaphwanye ufulu wa anthu, COMREC kapena NHSRC, komanso bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA, mwana akakhala m'gulu losalandira katemera watsopanoyo abayidwa chani, magazi atenga kangati ndipo akupita nawo kuti, nanga akatentha thupi usiku muimbira ndani. Tsiku lokamva zonsezi mupite ndi bambo a mwana, apongozi muwatengenso akadzifunsire okha.