Nsalu ya kunsi kwa kwiliti: ndigule yochuluka bwanji, ndiilumikize motani?

FUNSO: Akonzi, ndamaliza kulumikiza zigamba za pamwamba pa kwiliti yanga (chofunda cha zigamba chokhala ndi thonje pakati). Ndi masentimita 200 m'litali, 150 m'lifupi. Nsalu ya kunsi ndigule mamita angati, popeza ya pampukutu ndi yopapatiza?

YANKHO: Choyamba, ya kunsi isalingane ndendende ndi ya pamwamba. Ipitirire masentimita 10 mbali zonse zinayi, chifukwa mukamasoka pamodzi ya pamwamba, thonje la pakati ndi ya kunsi, nsalu imakokeka n'kusuntha, mapeto ake ngodya imodzi imaperewera ntchito ili kumapeto. Inu mukufunika 220 m'litali ndi 170 m'lifupi.

Nsalu zambiri za kotoni zimakhala cha m'ma 110 m'lifupi, koma mukachotsa mphepete zolimba za m'mbali mwa nsaluyo zimatsala pafupifupi 105. Ndiye mudule zidutswa ziwiri za 220, zomwe ndi mamita 4.4. Gulani 4.7, poti kotoni amabwerera akachapidwa, komanso pomwe anadulira wogulitsa sipawongoka kawirikawiri.

Njira yopulumutsa nsalu ilipo. Dulani zidutswa ziwiri za 170, muzigoneke chopingasa, pakati pake muike mzere wa masentimita 20 wa zigamba zotsala za pamwamba. Mwapulumutsa mita yathunthu, ndipo kunsiko kumaoneka ngati munachita kukonza dala. Koma ngati maluwa a pansaluyo ali ndi kumutu ndi kumiyendo, samalani: agona cham'mbali.

Tsono pa msoko ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mphepete zolimba zija, zokhala ndi timabowo kapena malemba a fakitale, ziduleni musanasoke. Zinalukidwa mothina kuposa nsalu yonse, choncho zikalowa m'madzi zimabwerera mosiyana, msoko n'kuchita makwinya oti ngakhale simbi siwatha. Siyani masentimita 1.3 kuchokera m'mphepete, osati timamilimita 6 tomwe mumasiya pa zigamba, ndipo makina muwatchere kuti singano izilumpha mamilimita 2 okha posoka, kuti ulusi ugwire. Mukatha, tsegulani msokowo, mbali ina uku ina uko, muusite ugone. Mukaupindira kumodzi pamatuluka kamtunda komwe singano imalimbana nako.

Ngati mwatsata njira ya zidutswa za 220, msoko usadutse pakati penipeni. Chofunda chimapindidwa pomwepo nthawi zonse, ndiye msoko wa pakati umatopa msanga. Chidutswa chimodzi chikhale chathunthu pakati, chinacho muching'ambe pawiri m'litali, musokere theka uku theka uko. Mapini yambirani pakati kupita kumapeto, apo ayi nsalu ina imatsogola inzake.

FUNSO: Kodi shiti ya pabedi singachite? Ndi yotambalala kale, yosafuna kulumikiza.

YANKHO: Ingachite ngati musoka ndi makina. Pamanja ayi, makamaka mashiti osalala aja: ulusi wake ndi wothinana kwambiri, singano imalowa movutikira, zala zimapweteka ndipo misoko imatuluka yaitaliitali. Iyeseni kaye, muboole ndi singano pangodya mutaipinda pawiri. Shiti yakale muiyang'ane padzuwa. Ngati pakati papyapyala, isiyeni, idzang'ambika zigamba zikadali zatsopano. Imene inapangidwira ntchitoyi ndi nsalu yotambalala ya mainchesi 108, pafupifupi masentimita 274. Kwa kwiliti ya muyeso wa m'funso loyamba lija, mamita 1.8 a imeneyi akwana popanda msoko.

FUNSO: Nanga mtundu? Ndimafuna yofiira, koma pamwamba pali zoyera zambiri.

YANKHO: Yofiira ndi yabuluu wakuda zimakonda kutaya utoto. Dulani kachidutswa, mukaviike m'madzi ofunda pamodzi ndi kansalu koyera kwa theka la ola. Koyerako kakasintha, chapani nsalu yonse payokha mpaka madzi ayere. Ngati zigamba za pamwamba munazichapa musanasoke, ya kunsinso ichapidwe. Ina yochapa ina yosachapa zimakokana. Ikaninso yofiirayo pansi pa thonje ndi zigamba zoyera, muone powala ngati ikuonekera, chifukwa thonje lopyapyala silibisa.

Kwa amene dzanja silinakhazikike, nsalu ya maluwa ang'onoang'ono othithikana ndi yabwino: imabisa misoko yokhota. Yopanda maluwa imaulula chilichonse, ngakhale pamene ulusi wa kunsi wa makina (wa m'bobini) unachita mfundo.