Achemwali a ku Texas, mfuti imeneyo isalembedwe dzina la alamu

Achemwali ena okhala ku Texas andilembera imelo. Akuti amuna awo anapita ndi anzawo a kuntchito kumalo oyeserera kuwombera, anawombako mfuti yaikulu ija amati .50, ndipo chibwerereni sakamba za china. Tsopano mmodzi mwa anzawowo wawapempha kuti akamugulire mfuti yotereyi m'dzina lawo, ndalama apereka yekha, ndi kangachepe kapamwamba. Funso lawo ndi lakuti: poti lamulo limalola kuigula, ndipo anthu akuti ndi ya masewera chabe, vuto lili pati?

Achemwali, nditawerenga imelo yanu thupi lonse linachita tsemwe. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambire patali.

Alamuwo sindikuwadzudzula kuti atengeka mtima. Inenso mfutiyi ndinaimvapo ikulira ndili chapafupi, kuno ku Indiana. Munthu amaiwomba atagona chafufumimba, mfutiyo itakhazikika pa timiyendo tiwiri. Ikalira, fumbi limadzuka mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale watseka makutu, kugundako umakumvera m'chifuwa ndi m'mano. Chipolopolo chake akakupatsa kuti ugwire chimadzaza chikhatho, kutalika kwake pafupifupi masentimita 14. Anachipanga John Browning nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, ndipo anachipangira mfuti ya chiwaya yowombera magalimoto ankhondo ndi ndege. Mu 1982 Ronnie Barrett wa ku Tennessee, amene ntchito yake inali yojambula zithunzi, anapanga mfuti yoti munthu mmodzi aziwombera chipolopolo chomwecho. Imalemera makilogalamu pafupifupi 14 ndipo imamenya bwinobwino chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 1,800. Asilikali a ku Sweden anayamba kuigula mu 1989, a ku America anapita nayo kunkhondo ya ku Gulf. Ntchito yake kunkhondoko ndi kuboola mainjini, ma radar ndi ndege zoimikidwa pabwalo. Ndiye mwamuna amene waigwira koyamba sangalephere kuikamba pa nsima.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kufupi ndi Biriwiri, kumene msewu waukulu ndiwo malire: uku Malawi, kutsidya kwa phula Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo anthu othawa anadzaza midzi yathu, dziko lonse linalandira oposa 1 miliyoni. Tinkaphunzira nawo, kutunga nawo madzi pa mjigo umodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 iwo anayamba kubwerera kwawo, ife n'kumati basi zatha. Anthu anabwereradi, koma mfuti zinayamba kubwera kuno. Tinkamva akuluakulu akunong'onezana kuti kutsidyako AK ukhoza kuipeza ndi thumba la chimanga.

Amalume anali ndi golosale pamsika, yogulitsa sopo, shuga, parafini, machesi, mchere woyeza pa kambale. Ine ndinkagona nawo kuseri kwa golosaleyo nthawi ya holide. Usiku wina anthu anabwera. Mlonda wathu, mdala wa chibonga ndi tochi, sanayese n'komwe kulimbana nawo, ndipo anachita bwino. Anathyola chitseko, wina n'kuyatsa koloboyi wathu yemwe kuti aziona pofufuza. M'kuwala kumeneko ndi mmene ndinaionera mfutiyo. Inali ya dzimbiri, thabwa la kumbuyo litang'aluka, atalimanga ndi malegeni. Woinyamulayo anali mnyamata, ankanjenjemera kuposa ife. Amalume atachedwa kutsegula kabati ya ndalama, iye anawombera pansi, chipolopolo chinawaphwanya fupa la mwendo. Anatenga ndalama za tsikulo, wailesi ndi matumba a shuga. M'mawa ana a pamsika ankalimbirana makoko a zipolopolo pakhonde. Amalume anachira koma anatsimphina mpaka imfa yawo, golosale anaitseka, ndipo sukulu ya asuweni anga awiri inathera pomwepo.

Mfuti ya malegeni ija siinapangidwe ku Ntcheu kapena ku Angonia. Inachokera ku fakitale, inakwera sitima, wina anasaina pepala poilandira, ndipo woisainayo anali ndi zifukwa zimene iye ankaziona kuti n'zabwino. Sankawadziwa amalume anga. Kuyambira usiku umenewo, munthu akamandiuza za mfuti ndimafuna kudziwa kumene idzakhale pakatha zaka khumi, osati m'manja mmene ili lero.

Tsono anthu okonda .50 ali ndi mfundo, ndipo ndiyoona, sindingaibise. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti muno mu America. Oposa theka anadzipha okha. Mwa ophedwa ndi anzawo, ochuluka zedi anaphedwa ndi mfuti zing'onozing'ono zobisa m'thumba. Mbava singalowe m'sitolo itasenza chitsulo cha makilogalamu 14, cha mtengo wa madola pafupifupi 10,000. Ndiye iwo amati: mukulimbana ndi mfuti imene sikupha anthu m'misewu yathu chifukwa choti maonekedwe ake akukuopsani. Amawonjezera kuti malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime yachiwiri imene anaiwonjezera mu 1791, amapatsa munthu ufulu wokhala ndi chida, ndipo kuti mukaletsa iyi lero, mawa muletsa ya mlenje wa agwape.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti kuwerenga kwawoko kumathera pa mtsinje wa Rio Grande, malire a Texas ndi Mexico, ngati kuti kutsidya kulibe anthu. Inu muli ku Texas, Mexico ndi pakhomo panu. Kumeneko munthu wamba kuti agule mfuti movomerezeka amadutsa kwa asilikali, ndipo .50 sangaipeze n'komwe. Komabe magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ali nazo. Pa 17 October 2019, asilikali atagwira Ovidio Guzmán, mwana wa El Chapo, mkulu wa limodzi mwa magulu amenewa, mumzinda wa Culiacán, anyamata ake anatuluka ndi mfuti zazikuluzi pa mapikapu, anatseka mzinda wonse, mpaka boma linagonja n'kumumasula tsiku lomwelo. Pa 26 June 2020 zigawenga zinatchingira galimoto ya mkulu wa apolisi wa Mexico City, Omar García Harfuch. Galimotoyo inali yosaboola ndi zipolopolo wamba, n'chifukwa chake anabwera ndi mfuti za .50 za Barrett. Iye anapulumuka atavulala. Omuteteza awiri anafa, anafanso mayi wina amene ankangodutsa m'mawa umenewo kupita kukagulitsa zakudya. Mayi ameneyu m'chiwerengero cha ku America mulibe. Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Nanga mfutizi zimawoloka bwanji? Zambiri zimagulidwa m'sitolo zovomerezeka za ku Texas ndi Arizona, ndipo ozigula ndi anthu opanda mlandu uliwonse, amene wina wawapatsa ndalama ndi kangachepe kapamwamba. Ndikhulupirira mwayamba kuona chimene ndinachitira tsemwe.

Boma la Mexico linatopa nazo, mu 2021 linasumira makampani opanga mfuti kukhoti la ku Boston, kampani ya Barrett ili m'gulu la otchulidwa poyamba, likufuna madola 10 biliyoni. Mu June 2025 Khoti Lalikulu la America linaukana mlanduwo, majaji onse asanu ndi anayi mogwirizana, potsamira lamulo la 2005 loteteza opanga mfuti ku milandu ya zimene ena achita ndi katundu wawo. Mwalamulo mwina anaweruza bwino. Koma lamulolo ine ndimaliona kuti ndi loipa, ndipo sindichita manyazi kunena.

China chimene chimandidabwitsa ndi ichi. Lamulo la 1968 limati mfuti imene kukamwa kwake kwapitirira theka la inchi iziwerengedwa pamodzi ndi mabomba, ikhale ya chilolezo chapadera. Iyi ndi theka la inchi ndendende, yaima pamzere, choncho ku Texas mnyamata wa zaka 18 akhoza kuigula m'sitolo, pamene lamulo lomwelo linati pisito asamugulitse mpaka atakwana 21. California inaletsa .50 mu 2004, bwanamkubwa ali Arnold Schwarzenegger. Barrett anakwiya, anasiya kugulitsa mfuti zake kwa apolisi a kumeneko, kenako anapanga ina ya chipolopolo chocheperako pang'ono, .416, imene lamulolo siliikhudza. Kwawo ku Tennessee aphungu mu 2016 anasankha .50 ya Barrett kukhala mfuti yoimira dera lawo, monga amasankhira mbalame kapena duwa. Ngakhale ku Britain, kumene gulu la IRA, lolimbana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland, linkapha nayo asilikali ku South Armagh m'zaka za m'ma 1990, boma litafuna kuiletsa mu 2018 aphungu a chipani cholamula chomwe anakana, ndimeyo n'kuchotsedwa. Canada ndiyo inalimba mtima mu 2020.

Ndikaganiza kuti ku Mozambique Bishopu Dinis Sengulane ndi mipingo anayamba mu 1995 kusinthitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, anthu osauka n'kumakumba zida zimene anakwirira kumunda kukapereka, ndimalephera kumvetsa dziko lolemera chonchi likukanika kungonena kuti mfuti yoboola galimoto ya apolisi izikhala ndi chilolezo chapadera. Sindikunena zolanda alenje mfuti zawo. Agogo anga anali ndi gogodela, nyama tinkadya. Ndikunena za chida chimodzi ichi, chimene palibe mphalapala imene imachifuna.

Tsono za alamu

Akane, lero lomwe. Pogula mfuti m'sitolo munthu amalemba fomu 4473, ndipo imafunsa ngati iweyo ndiwe mwini wake weniweni. Kunama pamenepo ndi mlandu waukulu, ndipo kuchokera mu 2022 kugulira mfuti munthu woletsedwa kapena wokachita nayo zoipa kungakutsekeretse zaka 15. Ngati alamu sanakhale nzika, ngakhale ali ndi green card, chilolezo chokhazikika muno mu America, mlandu wa mfuti umathamangitsa munthu m'dziko. Ngati ali pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo siliwalola kukhala ndi mfuti pokhapokha pa zifukwa zochepa, monga laisensi ya ulenje. Mnzawoyo ngati alibe chobisa apite yekha kusitolo. Mameseji amene watumiza musafufute, ndipo ngati ndalama zalandiridwa kale, kaonaneni ndi loya musanachite china chilichonse.